Zithunzi Ziwiri za Achimwene

Amuna anga sakhala opanda chogulitsa. Amagwira ntchito ya boma kuno ku Lichinga, ya patebulo ndi chidindo, koma chikwatiranireni sipanadutse chaka osabwera ndi nzeru yatsopano. Panali chaka cha zinziri, pamene khonde lathu lonse linkanunkha zitosi. Panali chaka cha ufa wa chammwamba. Nthawi ina anagula thumba la nsapato za kaunjika za mwendo umodzi umodzi, ati zinzake zipezeka m'belo lotsatira. Zonsezo ndinkangoseka, poti zinkatha zokha popanda wovulala. Koma za chikasu sindiseka. Mpaka lero ndikazikumbukira m'kamwa mumadzaza malovu.

Anabwera nacho pakati pa dzinja, thumba lodzaza atalimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto. Chikasu chomwechi chothira mumpunga ndi m'nyama, chimene kumsika ena amati asafrau. Anakhuthulira pakhonde mizu yopindikapindika ngati zala, dothi lofiira lidakali momwemo, n'kundiuza kuti aonera pa foni munthu wovala zoyera akufotokoza kuti muzu umenewu umatsuka chiwindi. Ati m'tauni ya anthu akumwa ngati ino, khomo lililonse lili ndi chiwindi chofuna kutsuka.

Anawiritsa mizuyo mumphika wanga waukulu, n'kuiyanika pamphasa. Koma dzinja la kuno mukulidziwa, dzuwa limangosuzumira, chifunga n'kubwereranso. Mizu sinkauma. Inayamba chuku chobiriwira, nkhuku zinkayendapo n'kusiyapo zawo, mphaka wa aneba anapezapo pogona. Amuna anga ankangopala chukucho ndi mpeni, kuuzira kawiri, n'kuponya mumtondo. Ndikawakumbutsa kuti zimenezo zikupita m'mimba mwa anthu, ankandiyankha kuti chikasu chimapha tizilombo chokha.

Mabotolo ndiye musanene. Ankagula kwa mayi wina amene amatola timabotolo ta pulasitiki ta mowa wotsika mtengo kuseri kwa mabaraka, timabala ta m'mbali mwa msewu. Tina tinkabwera muli zotsalira za ndudu, tina muli makhololo, tina muli madzi oti sindinkafuna kufunsa kuti ndi madzi anji. Ankatiponya tonse m'beseni limodzi, madzi osasintha mpaka ade bii, n'kutiimika pawindo. Pamwamba ankamatapo kapepala kojambulapo chiwindi chofiira bwino chikumwetulira. Ndinabisa beseni losambira ana kuti lisalowe nawo m'ntchitoyi.

Nthawi imeneyo n'kuti achimwene anga atayamba kale kudwala.

Ife kwathu ndi ku Meponda, ndife Asilamu a kunyanja. Ine ndinakwatiwa ndi Mkhristu wa m'tauni, ndipo abale onse atakana, amene anandiimira anali achimwene amenewa. Ankayendetsa kamiyau, lole yonyamula usipa wouma kuchokera kunyanja kukwera nayo kuno kumtunda, ndiye panalibe amene sankawadziwa pamsewu umenewo. Anali munthu wamkulu thupi, waukhondo, wosunga ulemu wake. Ngakhale kutenthe bwanji kunyanja, anzawo onse atavula malaya pokweza matumba, iwo sankavula. Mowa sanaulawepo. Ankakhala ku Assumane, dera lina la tauni yomwe ino, ndi akazi awo, amene ine ndimawatchula alamu.

Zinayamba ndi kutopa. Kenako maso anasanduka achikasu, miyendo inatupa, mimba n'kuyamba kukula pamene mapewa akuphwa. Kuchipatala anati ndi kachilombo ka hepatite kamene kanakhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete, ndipo chiwindi chinali chitaonongeka kale. Anawapatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, n'kuwauza kuti mimba ikadzaza azibwera kudzachotsa madzi.

Tsiku lina ndinawaperekeza, ndipo poti kunyumba nkhani inali ya chikasu yokhayokha, ndinafunsa adotolo. Anali mayi wofatsa, sanandiseke. Anati m'ndiwo chikasu n'chabwino, ndipo alipo anthu amene akufufuzabe ngati chimathandizako chiwindi pa matenda ena, mwina chilipo chimene adzapeze. Koma anati sichipha kachilomboka, sichibwezeretsa chiwindi chimene chauma kale, ndipo munthu wa chiwindi chofooka akamamwa chochuluka ngati mankhwala chikhoza kumuonjezera mavuto. Ndinakawauza amuna anga mawu amenewa mmene ndinawamvera. Iwo anaseka, ati adotolo akuteteza msika wawo.

Amuna angawa sankakonda kupita ku Assumane. Sananenepo poyera, koma ndinkadziwa kuti fungo la nsomba la kwa abale anga linkawavuta, poti akabwerako ankayanika jekete panja. Ndiye nditaona kuti ayamba kupitako okha, akaweruka kuntchito, osawakumbutsa, mtima wanga unasangalala. Ndinati matenda awafewetsa. Anandipemphanso chithunzi cha achimwene cha pa Idi ya zaka zapitazo, ati akufuna akachitsukitse chachikulu, achipachike kuchipinda kwa wodwala kuti chizimulimbitsa mtima. Ndinawatumizira, ndinawathokozanso.

Ine ndimaphunzitsa ana aang'ono pa shikola ya m'dera lathu. Mvula itayamba kukata, tsiku lina pa nthawi yopuma mphunzitsi mnzanga anabwera n'kundikumbatira. Anati Mulungu ndi wamkulu, wamva kuti achimwene achira, bwanji ndinali kubisa nkhani yabwino chonchi. Dzulo lake lomwelo ndinali nditawachapira zofunda zimene anasanzira. Mnzangayo ataona nkhope yanga anatulutsa foni, ati zili m'magulu onse, la kutchalitchi, la aphunzitsi, ngakhale la amayi ogulitsa nyemba.

Zinali zithunzi ziwiri zogundanitsa. Kumanzere achimwene atakhala pamphasa opanda malaya, mimba ili tuu, mchombo utatuluka, nthiti zikuwerengeka, maso ali achikasu akuyang'ana pansi. Kumanja achimwene omwewo atavala mkanjo woyera ndi chisoti, ataima pambali pa kamiyau yawo, akuseka, masaya ali odzaza. Chithunzi cha pa Idi chija. Pamwamba pa choyamba analembapo m'Chipwitikizi kuti "kale", pa chachiwiri "tsopano". Pansi pake panali kabotolo ka chiwindi chomwetulira ndi nambala ya foni ya amuna anga.

Panalinso mawu ojambulidwa. Mnzangayo anawatsegula, ndipo ndinamva achimwene eniake, m'Chinyanja chathu cha kunyanja, akunena kuti anali pafupi kufa, koma atamwa ufa wa alamu awo mimba yaphwa, ayambanso kuyendetsa galimoto, alhamdulillah. Ine amene ndinkawadziwa ndinkamva mmene ankapumira pakati pa mawu, ngati munthu wokwera phiri. Ndinapempha mnzangayo kuti anditumizire, ndinapita kuchimbudzi cha ana chonunkha chija, n'kukasanza tiyi yense wa m'mawa.

Kunyumba ndinawapeza akudya mbatata ndi nyemba. Ndinaika foni pambali pa mbale yawo.

"Bambo, achimwene anachira liti?"

Anayang'ana chithunzicho osaleka kutafuna. "Adzachira ndithu, mayi. Ine ndangotsogoza chithunzi."

Anayamba kundifotokozera modekha, ngati ine ndiye mwana wa m'kalasi. Ati malonda amayenda chomwecho, ngakhale anthu ojambulidwa pa zikwangwani za sopo sikuti amasambira sopo ameneyo. Ati nkhope ya achimwene ndi yodziwika, ndipo anthu amakhulupirira munthu wa kumzikiti wosamwa mowa kusiyana ndi chithunzi cha mzungu wosamudziwa. Ankanena zimenezi akunyambita zala, zikhadabo zili zachikasu mpaka m'kati. Ndinayang'ana zala zimenezo, ndinakumbukira kuti ndi zomwezo zimandigwira. Ndinawafunsa kuti munthu amene sanavulepo malaya pagulu anamuvula bwanji.

"Sindinabe kanthu," anatero. "Kawafunseni eni ake."

Ndinapita ku Assumane tsiku lomwelo. Ndinadabwa kupeza mpando wawo wa pakhonde mulibe munthu, chonsecho dzuwa linali bwino ndipo achimwene ankakonda kuothera. Anali kuchipinda, windo lotseka. Munkamveka fungo la mkodzo ndi la thukuta la wodwala, ndipo pansi pa bedi panali beseni la masanzi achikasu ngati utoto. Pampando panali timabotolo tija titandandalikidwa, supuni ili pamwamba. Iwo ankadzikanda m'manja mpaka kutuluka magazi, poti matendawa amayabwitsa khungu.

Ndinawaonetsa foni. Ndinkayembekeza kuti akwiya, kuti anena kuti anawajambula ali m'tulo. Koma anatenga foni yawo pansi pa pilo, n'kundionetsa chithunzi chomwecho.

"Chemwali, ndimachiyang'ana m'mawa uliwonse," anatero. "Amuna anu anati ndinene ngati zachitika kale, Mulungu amva. Ndinaona ngati duwa, pemphero lathu lija."

Anandiuza kuti amuna anga anawakhazika tsonga, kuwamwetsa tiyi wa shuga wambiri kuti mawu alimbe, n'kuwabwerezetsa kangapo mpaka atapeza pamene sanatsokomole. Za malaya anati anakana poyamba, koma anawauza kuti chithunzicho chikathandiza odwala ena, ndiye ndi sadaka, ntchito yachifundo pamaso pa Mulungu. Sindinadziwe kuti mkwiyo wanga ndiuike pati. Ndinanyansidwa ndi amuna anga, koma kunena zoona ndinanyansidwanso pang'ono ndi achimwene, munthu wamkulu, wanzeru zake, kulola kusewera naye chonchi. Kenako ndinawayang'ana mmene ankasisitira chithunzi cha mkanjo woyera ndi chala chachikulu, ndinatuluka panja.

Alamu ndinawapeza kukhitchini akupeta mpunga. Ndi mayi wosalankhula zambiri, woopa kukangana ndi amuna a m'banja la eni. Anandiuza motsitsa mawu kuti mapiritsi a kuchipatala akuwamwetsabe, amachita kuwaimirira mpaka ameze. Koma ufawo akumwa masupuni odzaza, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ukangolowa umabwerera. Choopsa chinali china. Tsiku lokachotsa madzi linali litadutsa kale, achimwene anakana kupita. Amuna anga anawauza kuti asamaonekere kwambiri, asamakhale pakhonde, ndipo kuchipatala adikire kaye, poti anthu akawaona ali chonchi adzawatcha abodza. Munthu amene ogulitsa nsomba ankamupatsa katundu wawo popanda mboni, tsopano ankaopa khonde lake lomwe.

Ndinatola timabotolo tonse n'kukataya m'chimbudzi. Ndinauza alamu kuti amuna anga akabwera asawatsegulire. Koma za kuchipatala achimwene anakanitsitsa. Ndinalankhula, ndinalira, ndinawaopseza kuti ndiitana amalume a ku Meponda. Iwo ankangotembenukira kukhoma. Mimba inapitiriza kukula mpaka kupuma kunkavuta, ankagona chokhala atatsamira mapilo. Ndinayamba kumapita ku Assumane tsiku lililonse ndikaweruka, ndipo Loweruka ndinkaswera komweko.

Linali Loweruka lotero, m'mawa, ine ndikuchapa pabwalo, pamene panaima njinga yamoto. Kumbuyo kunali bambo woonda atamumangirira kwa woyendetsa ndi kapulana, chitenje chathu cha kuno, kuti asagwe, kumbuyo kwenikweni kuli mayi atamugwira m'chiuno. Fumbi lofiira linali mbuu mpaka m'nsidze. Mayiyo anaodira, anagwada, n'kunena kuti achokera ku Lione. Anati amawadziwa achimwene, ankawanyamulira nyemba zawo nthawi yokolola. Amuna awo akudwala matenda omwewo. Anali atauzidwa kale ku chipatala chaching'ono cha kwawo kuti abwere ku chachikulu kuno, koma mwana wawo atawaonetsa chithunzi chija anaona kuti n'kutaya nthawi, anaitanitsa ufa. Amwa kwa nthawi ndithu, sizikusintha. Ndiye abwera kuti adzafunse kwa amene anachira kuti ankamwa motani, mwina iwo akulakwitsa muyeso.

Ndinayang'ana bamboyo. Maso ake anali ngati a achimwene, miyendo ngati mitondo. Alamu anatuluka, ndipo mwa mantha anayamba kunena kuti bambo kulibe, apita kunyanja. Tisanamalize kuyang'anana tinamva mawu a achimwene kuchokera kuchipinda.

"Alowe."

Tinamugwirira bamboyo mbali ndi mbali mpaka kuchipinda. Achimwene anandiuza kuti nditsegule windo. Kuwala kutalowa anakankha bulangete, anakweza malaya ndi manja awo, pang'onopang'ono, mpaka pachifuwa. Mimba inali yaikulu kuposa ya pa chithunzi, khungu litawala, mitsempha ili yobiriwira ngati mizu.

"Ndine amene," anatero. "Yang'anani bwino."

Bambo wa ku Lione anatsetsereka n'kukhala pansi, msana kukhoma. Mayiyo sanakuwe, sanatukwane. Anayang'ana mimbayo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mawu aja a pa foni anali a munthu wina.

"Ndi anga, mayi. Ndinanama. Pitani nawo kuchipatala lero lomwe."

Mayiyo anamasula mfundo ya kapulana, anatulutsa kabotolo ka chiwindi chomwetulira kali pakati, anakaika pansi pafupi ndi beseni la masanzi, n'kupukuta dzanja lake pantchafu. Kupukuta kumeneko ndinakumva ngati akundipukuta ineyo. Sankadziwa kuti ufawo unasinjidwa mumtondo wanga, koma ine ndinkadziwa za nkhuku, za mphaka ndi za madzi akuda a m'beseni. Ndinawauza kuti wogulitsayo ndi mwamuna wanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa amuna awo.

Achimwene anati ndikabwereke galimoto kwa aneba, nawonso apita. Tinayala matiresi kumbuyo kwa kagalimoto kotsegula, odwala awiriwo anagona moyandikana. Msewu wake umadutsa pamene amatsitsira nsomba, ndipo anthu ankawazindikira. Ndinaona ena akugwirana pamapewa n'kumaloza, wina anatulutsa foni n'kumayang'ana pa foni ndi pa galimoto. Alamu anafuna kuwafunditsa nsalu kumaso, iwo anaikankha. Kuchipatala anawachotsa madzi ambiri, ndipo madzulo ake anapuma bwino, anadyako phala. Bambo wa ku Lione anamugoneka chipinda china. Ndinakamuona kangapo, kenako tsiku lina ndinapeza pabedi pali wina. Anamwino anandiuza kuti abale ake anamutenga. Sindinamve kuti zinatha bwanji.

Atatuluka m'chipatala, achimwene anandipempha kuti ndiwajambule mawu ena. Ananena dzina lawo, ananena kuti sanachire, kuti chithunzi cha mkanjo n'chakale, ndipo anapempha chikhululuko kwa aliyense amene anasiya chipatala chifukwa cha iwo. Sitinabwereze, chifuwa chinamveka momwemo. Ndinatumiza m'magulu onse amene ndinalimo, ndinapempha anzanga kuti atumize kwina. Ena anayankha ndi timanja topemphera, basi. Uthenga wa wodwala wonena kuti akudwala palibe amene amauthamangira. Woyamba uja unali ndi miyendo, uwu unangokhala pamene ndinauika.

Amalume anabwera kuchokera ku Meponda, anawaitanitsa amuna anga. Anafika atavala jekete, anakhala pansi mwaulemu, anapepesa ndi mawu osalala amene amalankhulira kuntchito. Ati cholinga chinali chabwino, ati anangofulumira. Anafufuta chithunzicho mu foni yawo aliyense akuona, ngati kuti chinali m'foni imodzi yokhayo. Amalume anavomera poti panalibe china choti achite. Achimwene anangoyang'ana kudenga.

Sipanapite nthawi, tsiku lina amuna anga anabwera kunyumba atakwiya zenizeni, mpaka kuiwala kuzimitsa njinga. Anandionetsa foni. Chinali chithunzi chomwe chija, achimwene opanda malaya ndi achimwene a mkanjo, koma kabotolo kanali kena ndipo nambala inali ya munthu wa ku Cuamba. Ati wina wa ku Nampula wachitanso chimodzimodzi.

"Taonani, mayi. Anthu alibe manyazi. Ntchito ya mnzawo angoitenga chonchi."

Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka. Ankayembekeza kuti ndiwamvere chisoni. Ndinali ndikusenda mbatata, ndinaika mpeni pansi, ndinalowa m'nyumba n'kulongedza zovala zanga ndi za ana. Tinapita ku Assumane.

Achimwene anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, atakhala pampando wawo wa pakhonde alamu akuwapaka mafuta m'miyendo. Sindinganame kuti chikasu ndi chimene chinawapha. Adotolo anali atatiuza kale kuti chiwindi chinafika poipa, ndipo chimene chinkatsala ndi kuwasamalira. Chimene chimandiwawa ndi masabata aja a dzuwa labwino amene anakhala m'chipinda chotseka, akusanza ufa wa chuku, akubisala. Ndiponso anzawo a kunyanja, amene anakula nawo limodzi, sanabwere kudzawazonda. Anali atamva ndi makutu awo kuti munthu wachira, wabwerera pamsewu. Pamaliro ankatsika m'magalimoto ali odabwa, n'kumafunsa ngati inali ngozi. Bambo wina wachikulire, amene ankasoka nawo maukonde ali anyamata, anakhala pansi pa mtengo n'kumangobwereza kuti akanadziwa akanabwera, akanadziwa akanabwera.

Amuna anga pamaliropo anathamanga kwambiri. Anabweretsa nkhuni, anabwereka mipando, ananyamula nawo jeneza, chonyamulira maliro, analira misozi yeniyeni. Anthu ankati achimwene anali ndi mlamu wabwino. Ine ndinali m'nyumba ndi amayi anzanga, ndinkamva zimenezi ndikuyang'ana pansi.

Ndinakhala ndi alamu miyezi yonse imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba. Kenako ndinabwerera kwa amuna anga, chifukwa cha ana ndi chifukwa shikola ili pafupi ndi kumeneko. Sindinganene kuti tinagwirizana, sindinganenenso kuti tinasiyana. Timalankhula za makala, za mayeso a ana, za denga lodontha. Za chithunzi sanazitchulenso, ndipo ndikuganiza kuti mumtima mwawo amaona kuti nkhaniyo inatha tsiku limene anapepesa kwa amalume. Zotsala za m'thumba lija anazitaya kuseri kwa khitchini, mvula itabwera zinamera masamba aakulu okongola. Ndinazikumba ndi khasu mpaka kamuzu komaliza.

Chaka chino ndinakwera shapa, minibasi yathu ya kuno, kuchokera kumsika waukulu, tothithikana monga mwa masiku onse, thumba la kabichi lili pamiyendo. Pambali panga panakhala mayi wovala bwino, wonunkhira, wa msinkhu wanga. Anandimva ndikudandaula kwa wina kuti masiku ano ndimatopa msanga, ndiye analowerera mwachifundo. Anati mwina ndi chiwindi, anthu ambiri sadziwa, koma mankhwala ake alipo achilengedwe. Anatsegula foni n'kundiyandikizira kumaso. Chithunzicho chinali chitafwifwa chifukwa chotumizidwa kambirimbiri, nambala inali ina imene sindinaionepo, koma anali achimwene.

Ndinamuuza kuti munthuyo ndi mchimwene wanga wa bere limodzi, kuti chithunzi cha kumanja chinajambulidwa asanadwale, ndipo kuti tinamuika m'manda. Ndinalankhula motsitsa, koma shapa yonse inamva, anthu anasiya nkhani zawo. Mayiyo anayang'ana chithunzicho, anandiyang'ana ine, anapukusa mutu momvera chisoni.

"Pepani, mayi," anatero. "Ndiye kuti anasiya kumwa."

Anabweza foni m'chikwama, n'kuyamba kufotokozera bambo wa kutsogolo kuti ufawo umafunika osadumphitsa. Bamboyo anapempha nambala. Ndinagogoda denga kuti shapa iime, ngakhale kwathu kunali kudakali kutali. Ndinatsika ndi kabichi wanga, ndinalavula m'ngalande, n'kuyenda wapansi.